Malemu Akusoka Diresi

1. Dzina la pa kanema

Kamasiye si dzina limene anabadwa nalo. Anamupatsa ndi anthu oonera kanema, ndipo nafenso tizimutchula lomwelo, popeza mwini wake sanalikane.

Atangomaliza sekondale, mtsikanayu anasankhidwa kukalowa nawo pulogalamu ija yotsekera achinyamata m'nyumba imodzi, makamera ali ponseponse, kuchipinda, pabalaza, ngakhale potsukira mbale. Oonera amavota pa foni. Amene wapeza mavoti ochepa amanyamula chikwama chake n'kubwerera kwawo.

Poyamba palibe amene ankamulabadira. Sankavina, sankatukwana, ndipo analibe chibwenzi m'nyumbamo. Anthu otere pa kanema sachedwa kutuluka.

Tsiku lina akuchapa, mnzake anamufunsa za mpango wakale umene ankakonda kumanga kumutu. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Unali wa amayi," anatero. "Anamwalira ndili kusekondale. Amayi anga aakulu."

Sananame. Ankanena mkulu wawo wa amayi ake omubereka, amene ankawaitananso kuti amayi kuyambira ali wamng'ono. Koma okonza pulogalamu ali ndi lumo lawo. Anadula mawu omalizawo, anaikapo nyimbo yachisoni, n'kuulutsa zotsalazo. Pofika mawa lake dziko lonse linali likulira naye.

Mkonzi wa pulogalamuyo anali mayi wina wa magalasi akuda, amene ankawavala pamutu osati m'maso. Anamuitanira m'kachipinda kofunsira mafunso.

"Anthu akukukonda, mwana wamasiye iwe," anatero. "Mavoti ako sanakwerepo chonchi."

Apa ndi pamene Kamasiye akanati, "Pepani, simunandimvetse." Pakamwa anatseguladi. Kenako anatseka, n'kupukuta m'maso ndi mpango uja. Sabata yotsatira lumo silinafunikenso. Anayang'ana kamera yekha, wosamutuma, nanena kuti, "Ine mayi ndilibe."

Mpikisano sanapambane, koma anafika nawo kumapeto, ndipo anatuluka ali wotchuka.

Amayi ake, amoyo ndithu, ndi telala. Amasokera m'chipinda chakumaso cha nyumba yawo, choyang'ana kumsewu. Muli makina opalasa ndi phazi pafupi ndi zenera, tebulo lodulirapo nsalu, galasi lalitali long'aluka pakona, ndi zovala zosokedwa kale zolendewera pa waya. Bambo a mwanayo anachoka kalekale. Sukulu yake yonse inatuluka pansi pa singano ya makina amenewo.

Mawu aja atelala anawamva ali pakati pa anthu a mumsewu wawo, amene ankasonkhana kudzaonera mwana wa kwawo. M'mawa mwake mayi wa pagolosale yoyandikana nawo anasuzumira pazenera.

"Malemu, mwadzuka bwanji?"

Dzinalo linakakamira ngati chingamu pansi pa nsapato. "Malemu, siketi yanga ija mwamaliza, kapena kumandako magetsi anazima?" "Pitani nayo kwa Malemu, zipi amaika bwino." Ena a mumsewumo analemba pa intaneti kuti mayi ake a mtsikanayu ali moyo, koma omukonda anawatukwana, nati imeneyo ndi nsanje ya anthu a kwawo. Nkhani inathera pomwepo.

Atelala ankangomwetulira n'kumapalasa makina awo. Koma zinkawapweteka kwambiri, ndipo anaonda.

Kamasiye atabwerera kunyumba anawakumbatira m'chipinda chakuseri, chitseko chili chotseka.

"Zijazi ndi za pa kanema chabe, amayi. Aliyense amachita."

"Wadya?" anafunsa amayi ake.

Kuyambira tsiku limenelo ankalowera khomo lakuseri, n'kutulukira komweko. M'chipinda chosokera sankakhalamo, kuopa kuti wina angawajambule ali limodzi.

2. Kukubwera alendo

Kutchuka kumatha msanga kuposa sopo wosambira. Patangopita nthawi pang'ono, foni ya Kamasiye inayamba kukhala chete. Pulogalamu ija inali italowetsa kale achinyamata ena, ndipo oonera anali atapeza wina womulirira. Mtsikanayo ankangogona chagada, n'kumawerenga mauthenga akale.

Ndiye Mkonzi ataimba, anadzuka ngati walumidwa ndi nyerere.

"Tikufuna mtsikana woulutsa pulogalamu yatsopano ya achinyamata," anatero Mkonzi. "Mabwana akuganizira iwe. Koma anthu ayenera kukukumbukira kaye. Tibwera Lachisanu masana, tidzajambule kumene mwana wamasiye amagona. Uvale bwino, koma osanyanya."

Kamasiye anathamangira m'chipinda chosokera, n'kuiwala kuti amapewamo. Anafotokoza zonse mopupuluma, kupatula mawu akuti wamasiye.

Amayi ake anasangalala zenizeni. Anatsegula kabati n'kutulutsa nsalu yobiriwira imene anaisunga nthawi yaitali, anamuzunguliza tepi m'chiuno ndi m'mapewa, n'kuyamba kulemba ndi choko pansaluyo. Ntchito za makasitomala anazikankhira pambali.

"Waonda m'chiunomu," anatero. "Sankakupatsa chakudya kumeneko?"

Kamasiye anadikira mpaka lumo litayamba kudya nsalu.

"Amayi, Lachisanulo bwanji mukachezeko kwa amalume?"

Lumo linaima.

"Ndikacheze?"

"Masana okha. Akangomaliza kujambula ndidzakuimbirani."

"Ndichoke m'nyumba mwanga."

"Musandivute, amayi. Mukudziwa mmene zinthu zilili. Kodi mukufuna ndikalambire pamakina ngati inu?"

Atelala anamuyang'ana mwana wawo. Kenako anaweramanso n'kupitiriza kudula motsata choko.

"Ndamva," anatero. "Ukawauze wekha amalume akowo."

3. Mawu a amalume

Amalume ake a Kamasiye amakonza mawailesi a kanema m'kashopu kopanikizika kumapeto kwa msewu womwewo. Mawailesi akufa anaunjikana mpaka kudenga, ena otsegula kumsana, mawaya ali panja. Kamasiye anawapeza atavala magalasi, akuwotcherera kawaya, utsi ukukwera pang'onopang'ono.

Anamvetsera pempho lake lonse osamudula. Atamaliza, anazimitsa chowotcherera, anavula magalasi, n'kumulozera mpando.

"Khala pansi, mwanawe. Mlongo wanga akhoza kubwera kuno tsiku lililonse, safunika kuti iwe umupemphere malo. Koma ndiyankhule nawe kaye, chifukwa chibwerere wakhala ukundizemba.

"Tsiku lija unanena kuti mayi ulibe, tinali muno. Wailesi yake ndi iyo ili apoyo, ndinaitulutsa dala kuti anthu aone mwana wathu. Mayi ako anakhala pampando umene wakhalapowo, atavala zakutchalitchi, ngati kuti iweyo uwaona. Utanena mawu ajawo, anthu onse anatembenuka kuwayang'ana. Ukudziwa chimene anachita? Anaseka. Anati, 'Mwanayu ndi wanthabwala.' Kenako anapempha madzi akumwa, koma kapu inawakanika kugwira. Ndinawamwetsa ndine.

"Poyamba paja sindinakuimbe mlandu. Ndikudziwa unkanena malemu achemwali athu aakulu, ndipo anthu aja anadula mawu ako. Ine ndimatsegula mawailesiwa tsiku ndi tsiku, mulibe munthu muno, muli mawaya ndi fumbi. Zimene timaona amasankha ndi anthu. Koma kachiwiri kaja palibe anakudula. Unanena wekha, ndi pakamwa pomwe anakuphunzitsa kuyankhula mayi akowo.

"Tsono tamvera. Amene anadula mawu ako anamva onse asanadule. Akudziwa kuti mayi ako ali moyo. Sakukukonda, mwanawe, akukonda anthu akamaonera. Lero akugulitsa misozi yako. Misoziyo ikadzasiya kuyenda malonda, adzagulitsa manyazi ako, ndipo adzamwetulira chimodzimodzi.

"Lachisanu usawathamangitse mayi ako. Agwire dzanja, uime nawo pamaso pa kamerayo, unene kuti awa ndi mayi anga ondibereka, ndinalakwitsa. Anthu adzakutukwana, inde. Ntchitoyo mwina idzakuphonya. Koma udzagona m'nyumba ya mayi ako uli mwana wawo. Mlongo wangayo ndimamudziwa kuposa iwe. Ndi wofatsa, amapirira zambiri, koma akatseka mtima sabwerera. Bambo ako anayesapo kubwerera, ukawafunse."

Kamasiye anali akuyang'ana foni.

"Amalume, inu za masiku ano simungazimvetse. Imeneyi ndi ntchito. Ndikayamba kulandira, amayi ndidzawagulira makina amagetsi, adzaiwala zonsezi."

"Akupempha makina?"

"Ndiye abwere kapena asabwere?"

Amalume anavalanso magalasi awo. Anali ndi chisoni chachikulu, ndipo sanafune kuti mwanayo awaone m'maso.

"Abwere," anatero.

4. Mpendero

Lachisanu m'mawa diresi linali litatha, kupatula mpendero wam'munsi. Atelala sakhulupirira tepi pa mpendero, amafuna mwini chovala avale, aime, iwo aone ndi maso. Anamuimika Kamasiye pakati pa chipinda chosokera, anagwada pansi, mapini ali kukamwa, n'kuyamba kupinda nsalu mozungulira miyendo yake. Chikwama chawo chopita nacho kwa amalume chinali kale pakhomo.

"Fulumirani, amayi."

"Ima mowongoka. Ukapendekeka litsika mbali imodzi."

Galimoto inaima panja. Alendo a masana anafika m'mawa.

Mkonzi analowa osagogoda, wojambula ali pambuyo pake, kamera ili paphewa, kanyale kofiira katayaka kale. Anthu a mumsewu anayamba kuunjikana pazenera, mayi wa pagolosale ali patsogolo.

"Musasunthe," anatero Mkonzi. "Nonse awiri, khalani choncho. Zokongola kwambiri."

Anazungulira chipindacho akuyang'ana makina, galasi long'aluka, zidutswa za nsalu pansi. Kenako anayang'ana nkhope ya mtsikanayo, anayang'ana ya mayi wogwadayo, n'kumwetulira. Mphuno yawo ndi imodzi, ngakhale mlendo wodutsa akhoza kuona.

"Kamasiye, tauza oonera. Awa ndi ndani?"

Atelala sanadzutse mutu. Dzanja lawo linali litagwira nsalu pafupi ndi bondo la mwana wawo, ndipo linadikira pomwepo.

Dzanjalo linali pafupi. Kuwerama pang'ono chabe, akanaligwira n'kuwadzutsa.

"Awa ndi atelala," anatero Kamasiye. "Anali anzawo a malemu amayi. Amandisunga kuseriku."

Mayi wa pagolosale anagwira pakamwa. Wina kumbuyo anaseka, anzake n'kumutsina.

"Mtima wabwino bwanji," anatero Mkonzi. Anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi atelala, amene anali chigwadire. "Mayi, tachotsani mapiniwo tiyankhulane. Malemuwo munkawadziwa bwino?"

Atelala anachotsa mapini kukamwa imodziimodzi, n'kuwabaya pa kapilo kawo kapamkono.

"Ndinkawadziwa bwino."

"Anali munthu wotani?"

"Munthu wamba. Wosoka ngati ine ndemwe. Nzeru analibe zambiri. Ankaganiza kuti mwana ukamubereka ndiye kuti ndi wako."

Mkonzi anagwedeza mutu mwachifundo, nakodola wojambula kuti ayandikire.

"Anadwala nthawi yaitali?"

"Ayi. Zinali zadzidzidzi. Anali akuonera kanema."

"Anasiya mawu alionse okhudza mwanayu?"

"Anati ndimumalizire diresi."

Pazenera panalibenso woseka. Mayi wa pagolosale anachokapo mwakachetechete n'kubwerera kukagulitsa.

Kamasiye anayamba kulira. Analira zenizeni, mapewa akugwedezeka, ndipo Mkonzi anasangalala kwambiri.

"Usapukute. Yang'ana kuno. Tsopano akumbatire atelalawo, uwathokoze."

Kamasiye anawerama n'kuwakumbatira. Zinali ngati wakumbatira chitseko.

"Zikomo," anatero.

"Zikomo ndani? Oonera sakumva."

"Zikomo, atelala."

"Bwerezanso, wojambula anali asanakonzeke."

Anabwereza. Anabwerezanso kachitatu, chifukwa panja panadutsa njinga yamoto.

Atatero alendowo anajambula bedi la Kamasiye, nsapato zake zakusukulu, ndi iye ataima pazenera akuyang'ana kutali. Nthawi yonseyi atelala anali atabwerera pamakina. Pamene Kamasiye ankasintha zovala kuseri, Mkonzi anatsala nawo m'chipinda chosokera, akuyankhula motsitsa mawu.

Potsanzikana Mkonzi anamugwira mtsikanayo patsaya.

"Wachita bwino kuposa mmene ndimayembekezera. Ntchito ija uiyese yako."

5. Kasitomala

Galimoto itachoka, msewu unabwerera mwakale. Kamasiye anakhala pabedi lake kwa nthawi, diresi lili pamiyendo. Ntchito anali ataipeza, koma chimwemwe chinakana kubwera. Anali ndi mantha.

Analowa m'chipinda chosokera. Amayi ake anali akuika zipi pa thalauza la munthu wina. Chikwama chija anali atachichotsa pakhomo n'kuchipachika pamsomali wake.

"Amayi."

Makina anapitiriza kulira.

"Amayi, anabwera msanga. Ndinalibe chochita. Inunso mwaona."

Atelala anafika kumapeto kwa zipi, anadula ulusi, n'kutembenuka. Nkhope yawo inali yaulemu, imene amalandirira nayo aliyense wolowa pakhomopo.

"Mwabweretsa diresi lija? Ikani patebulopo, mpendero ndiumaliza lero lomwe. Mapini musachotse."

Chibadwire, amayi ake anali asanamunenepo kuti inu.

"Amayi, musandiyankhule choncho."

"Ndakulakwirani, achemwali? Makasitomala onse ndimawayankhula chonchi."

"Ndine mwana wanu."

"Chipinda chakuseri muzigonabe, musadandaule. Mnzanga uja anandisiyira mwana, sindingamutaye pamsewu. Anthu angandiseke."

Kamasiye anagwada pomwe amayi ake anagwada m'mawa, nagwira mwendo wa tebulo la makina. Analira, anapepesa, analonjeza makina amagetsi, analonjeza nyumba ya mpanda. Atelala anamusiya alire. Anasintha ulusi wakuda n'kuika wobiriwira, anatenga diresi lija, n'kuliyala bwinobwino pansi pa singano.

"Tasunthani pang'ono, phazi langa lipalase."

Anasuntha.

"Komanso ndisaiwale," anatero atelala. "Abwana anu aja andikonda. Akuti ndimayankhula mogwira mtima. Andiitana mawa kumalo kwawo koulutsira, pa pulogalamu imene adzakulengezeni ntchitoyo. Akuti imeneyo anthu amaonera nthawi yomweyo munthu akuyankhula. Galimoto idzanditenga pakhomo pano."

Kamasiye anadzutsa mutu.

"Mwakana, eti?"

"Ndavomera."

"Mukanena chiyani?"

Atelala ananyowetsa nsonga ya ulusi ndi malovu, anatsinzina diso limodzi, n'kuulowetsa pa singano.

"Andipempha kuti ndikanene zonse zimene ndikudziwa za malemu," anatero, n'kuyamba kupalasa makina.